Akamba am'madzi alowa m'damu la kuseri kwa nyumba, nditani?

Wadimba, Nchalo:

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Kumunsi kwa dimba langa, kuseri kwa nyumba, kuli kadamu ka mamita 8 m'lifupi ndi 12 m'litali. Madzi amachokera mu ngalande kudzera pa paipi, ndipo omwewo ndi amene ndimathirira masamba. Ndinaikamo mbewu ya makumba 300, koma chiyambire mvula nsomba zobwera pa madeya zikunka zichepa, komanso tiana ta abakha tayamba kusowa. Dzuwa likangotuluka pamwamba pa madzi pamasuzumira timitu, ukati uyandikire timamira. Ana akuti ndi akamba am'madzi. Pa YouTube ndinaona akamba olusa oluma ndodo mpaka kuithyola, moti ana ndawaletsa kufika kudamuko. Kodi ndi omwewa? Ndiwachotse bwanji osapha nsomba, nanga nditani kuti asabwerenso?

Mayi wa Makumba, Ngabu:

Achimwene, mtima m'malo. A pa YouTube aja kwawo ndi ku North America, kuchokera kum'mwera kwa Canada kutsika mpaka ku Florida. Mu Shire mulibe. Ali ndi mchira wautali wa manomano, ndipo chigoba chawo chapansi n'chaching'ono, sichikwana kubisamo thupi, n'chifukwa chake akapezeka pamtunda amadalira kamwa. Athu kuno ndi ena, ndipo musanatchere chilichonse yambani mwadziwa amene wakuchezerani, chifukwa kagwiridwe kake sikafanana.

Wofala m'madamu ang'onoang'ono ndi uja wa chigoba chaphwatalala cha mtundu wa matope, kutalika kwake masentimita 15 mpaka 25. Mutu saubweza molunjika, amaupinda cham'mbali n'kuubisa pansi pa chigoba, ndipo mukamunyamula amatulutsa fungo loti sopo amachita kugonja. Uyu ndiye mlendo wa nthawi ya mvula. Madzi akaphwa amadzikwirira m'matope, mvula ikagwa amadzuka n'kumayenda pamtunda kusaka zithaphwi. Amadya ambululu, achule, nkhono, tizilombo, zakufa, ndi tinsomba tofooka. Kambalame kakang'ono kakamamwa madzi amatha kukakokera pansi, choncho pa nkhani ya tiabakha tanu sindingamuikire kumbuyo.

Wachiwiri ndi wakuda, wa chigoba chokwera chokhala ndi manomano kumbuyo. Chigoba chake chapansi, chakutsogolo, chimapindika n'kutseka mutu ndi miyendo m'kati. Amakula kufika masentimita 30 kapena 40, amakonda madzi osaphwa monga Shire, Elephant Marsh ndi ngalande zikuluzikulu, ndipo mudzamuona ataothera dzuwa pa chipika.

Yachitatu ndi nkhasi ya chigoba chofewa ngati chikopa, ya mphuno yosongoka ndi khosi lalitali. Imatha kupitirira masentimita 50. Imadzifotsera mumchenga kapena m'matope pansi pa madzi n'kumabisalira nsomba, ndipo pa atatuwa ndi yokhayi imene ndinganene kuti ndi mlenje weniweni wa nsomba. Kuluma kwake si kwamasewera.

Koma chimene ndikufuna mumvetse n'chakuti kamba amasenza milandu ya eni ake chifukwa ndi iye amene amaoneka. Makumba athanzi a magalamu 30 kapena 50 amamuthawa mosavuta m'madzi akuya. Nsomba ikafa ndi zina, iye amabwera kudzadya mtembo, inu n'kumupeza ali pa ntchito. Chitani izi: madzulo salazani matope kuzungulira damu, kamzere kotakata mita imodzi, muwaze madzi kuti afewe, m'mawa mukaone mapazi. Kamba amasiya mizere iwiri ya zikhadabo, pakati pali posalala pamene chigoba chakhuluzika. Ng'azi imasiya zala zazitali ndi mzere wokhotakhota wa mchira, ndipo imayenda masana. Pa tiabakha ndi mazira iyi ndiye mbava yoyamba kuiganizira. Katumbu amabwera usiku, amasiya mitu ya nsomba ndi ndowe zodzaza mamba pakhoma la damu, ndipo akazolowera amapukuta damu lonse. Akakowa ndi anantchengwa amatola tiana m'madzi osaya. Ndiye pali mlamba. Ngati paipi yanu ilibe sefa, mwina munalowa mlamba, ndipo umodzi wokha waukulu umameza mbewu kuposa akamba asanu.

Dzukaninso m'bandakucha mukaone ngati nsomba zikuyasama pamwamba pa madzi. Kutentha kwathu kuno, kumene mu Okutobala ndi Novembala kumadutsa madigiri 40, kumachepetsa mpweya m'madzi, makamaka ngati mwathira manyowa ambiri. Pisani mkono: chikhatho chizionekabe mpaka madzi atayandikira chigongono. Chikasowa madzi asanafike pakati pa chikhatho ndi chigongono, imikani manyowa ndipo lowetsani madzi atsopano.

Mukatero kokani khoka muwerenge zotsala. Nsomba 300 za magalamu 20 ndi makilogalamu 6, ndipo madeya ake patsiku ndi pafupifupi magalamu 300. Ngati zatsala 150 inu mukuthirabe muyeso womwewo, theka likuwolera pansi, madzi akuipa, ndipo fungo lake ndi limene likuitana alendowo.

Wadimba, Nchalo:

Zikomo mayi. Ndaona mmodzi ali pa chipika chimene chili pakona, ndi wakuda wa manomano kumbuyo. Timitu tina n'tating'ono. Sefa pa paipi palibedi. Anzanga ena akuti nditchere mbedza ndi nyama, ena akuti ndiike mankhwala a thonje m'matumbo a nkhuku. Zingathandize?

Mmisiri wa Miono, Bangula:

Bambo, za mankhwalazo zisiyeni. Mankhwala a thonje kapena tameki akalowa m'damu apha nsomba, abakha ndi agalu, ndipo madzi omwewo mukuthirira mpiru umene ana anu adye. Katupe ndiye woseketsa: amagwira zopumira m'makha, ndiye nsomba zanu zonse ziyandama, kamba amene amapuma mpweya wa pamwamba atsala akudya phwando. Lamulo la za usodzi limaletsanso kuthira poizoni m'madzi. Mbedza nayo ayi. Kamba amaimeza mpaka m'mimba, kuti muichotse muyenera kuika zala pafupi ndi kamwa, ndipo mukadula chingwe n'kumutaya akafera kutali pang'onopang'ono.

Njira yake ndi mono, koma osati m'mene timatcherera milamba. Mono ukamira wonse kamba amabanika, ndipo m'madzi ofunda ngati athuwa sapirira nthawi yaitali. Pamwamba pake pazitsala masentimita 8 mpaka 10 kunja kwa madzi. Mangirirani zigubu ziwiri zopanda kanthu za malita 5, china uku china uku, kuti madzi akakwera usiku mono ukwere nawo, ndipo muumangirire pa chikhomo kuti usagubuduke.

Ngati mukuluka wa waya, ukhale wa masentimita 100 m'litali, 60 m'lifupi ndi 45 msinkhu. Maso a waya akhale a masentimita 5 kuti tinsomba tolowa tizituluka tokha. Khomo likhale lolowa m'kati mopanikiza, koma mapeto ake asakhale obulungira ngati a nsomba. Akhale aphwatalala, masentimita 30 kutakata ndi 8 mpaka 10 kuyasama, ofewa moti kamba akakankha amatseguka, akadutsa amabwerera. Nsonga zonse za waya zipindeni kuti zisabaye maso. Kumbuyo siyani kachitseko kotulutsira.

Nyambo yabwino ndi matumbo a nsomba kapena a nkhuku. Musaisiye poyera, woyamba kulowa aimaliza. Iikeni m'chitini choboola ndi msomali, mutseke, muchimangirire kumapeto kwa mono kuti fungo lokha lizituluka. Sinthani tsiku lililonse. Yowola kwambiri imaipitsa madzi a kadamu kakang'ono ngati kanu. Tcherani madzulo pamalo osaya, khomo litaloza kwakuya, mufunditse udzu pamwamba kuti pakhale mthunzi. Kaoneni m'mawa ndi madzulo osaphonya. Kamba wosiyidwa pa dzuwa la masana m'mono wa waya amafa ndi kutentha.

Wakuda munamuona pa chipikayo ali ndi msampha wakewake wosafuna nyambo. Lumikizani mapaipi a pulasitiki a mamilimita 110 kukhala bwalo la ngodya zinayi, mita imodzi mbali iliyonse, mumate bwino kuti liziyandama. Pansi pake lendewetsani thumba la ukonde lakuya masentimita 50 kapena 60. Kunja tsamiritsani matabwa awiri okhakhala ochokera m'madzi kukwera pa paipi. Kenako chotsani chipika chija ndi china chilichonse chimene angaothere dzuwa. Akwera thabwa, ndipo akadzidzimuka ena amadumphira m'kati, paipi yoterera imawakanika kukwera. Umafuna kudekha, masiku angapo oyamba amauopa. Nkhasi siigwidwa ndi umenewu chifukwa siikonda kukwera pa zinthu. Iyo ndi ya mono kapena khoka.

Pogwira, aang'onowo anyamuleni ndi manja awiri m'mbali mwa chigoba, cha kumbuyo, mutu utaloza kutali ndi inu. Kumbukirani kuti khosi lawo limapindikira m'mbali, ndipo zikhadabo zimakanda, choncho magolovesi amathandiza. Wakudayo musamupise chala kutsogolo kwa chigoba chapansi, akatseka chimapanidwa. Nkhasi musaigwire ndi manja ngati simunazolowere: khosi lake limafika kutali chakumbuyo pamwamba pa msana. Ikankhireni ndi fosholo m'beseni lalikulu kapena m'thumba lonyowa. Aliyense wa iwo musamunyamulire kumchira, mumamuthyola msana, ndipo musamugoneke chagada.

Ponyamula ikani m'beseni, mufunditse thumba lonyowa, osadzaza madzi. Kamasuleni tsiku lomwelo, m'mawa kapena madzulo, ku dambo la madzi osaphwa la dera lanu lomwelo, makilomita angapo kuchokera panyumba. Osakataya mu ngalande ya mnzanu wa damu. Ndipo pofika kumadziko imani patali, pendeketsani beseni apite yekha. Ng'ona za mu Shire sizifunsa kuti mwadzatani.

Mlimi wa Nsomba, East Bank:

Zonse anenazi n'zoona, koma mukagwira asanu lero, mvula ikubwerayi alowa ena asanu. Bola ndalama ipite ku sefa ndi mpanda.

Yambani ndi paipi, popeza n'zotchipa ndipo ndi khomo la milamba, tiana ta akamba ndi nsomba zachilendo. Kukamwa kwa paipi, mbali ya ngalande, ikani waya wa maso a sentimita imodzi woletsa zinyalala ndi zazikulu. Mbali ya damu mangirirani kathumba ka neti ya maso ang'onoang'ono, kotalika theka la mita, ndi mphira wa chubu cha njinga. Kathumba kamaposa sefa yomata pakamwa chifukwa sikatsekeka msanga. Kakhutuleni tsiku lililonse. Paipi yolowetsa madzi ikhale masentimita 15 kapena 20 pamwamba pa madzi a m'damu kuti madzi azichita kugwa, zimene zimaonjezeranso mpweya. Paipi yotayira madzi osefukira nayo iikeni sefa. Ambiri amaiwala imeneyi, pamene zolowa zambiri zimakwera ndi madzi otuluka.

Mpanda uimikeni mita imodzi ndi theka kuchokera pa madzi kuti muzipeza poyenda ndi pokokera khoka. Pa damu la 8 ndi 12 ndiye kuti mbali zake ndi 11 ndi 15, kuzungulira mamita 52. Ngati mpukutu wa waya ndi wa mamita 30, mufunika iwiri. Gulani waya wa nkhuku wa msinkhu wa mita 1.2, wa maso osapitirira masentimita 2.5, chifukwa kamwana ka kamba kongoswa kumene kamangokwana masentimita atatu kapena anayi. Mitengo zikani motalikirana mamita awiri, ndiye kuti 26, ndipo kunsi kwake wambani pamoto kapena pakani mankhwala a chiswe.

Kagawidwe ka wayayo ndi kamene kamapangitsa mpanda kugwira ntchito kapena kulephera. Masentimita 30 apite pansi: 15 kutsika molunjika, 15 kupindira kunja, kenako mufotsere n'kutsendera. Chokumba chikafika pa mpanda chimayamba kukumba pomwepo n'kukumana ndi waya. Masentimita 75 aime. Otsala 15 a pamwamba apindikire kunja ngati khonde, chifukwa akambawa amakwera waya ndi zikhadabo, makamaka pa ngodya. Pa ngodya zinayizo khomani chidutswa cha lata chosalala.

Udzu wa pakhoma muzimweta ufupike, koma osauzula, ndi umene umagwira dothi. Bango ndi namasupuni m'damu zichotseni. Mbali yosaya isachepere masentimita 60 mpaka 80, yakuya ifike mita imodzi kapena 1.2, damu losaya m'mbali ndi mbale ya akakowa ndi akamba. Zotsuka matumbo a nkhuku kapena kutaya nsomba zakufa pafupi ndi damu zithe.

Mbewu ikamabwera yaing'ono musaimwaze m'damu lonse. Isungeni m'kakhola ka neti kamene alangizi amati hapa, kotseka ndi pamwamba pomwe, mpaka ifike magalamu 20 kapena 30. Tiabakha natonso tisalowe m'madzi mpaka titamera nthenga zenizeni. Tiikireni beseni m'khola.

Gogo wa ku Nsanje:

Mwana wanga wa ku East Bank, mpanda wakowo ndi wabwino kwa kamba, koma tisamunamize bamboyu kuti wathana ndi zonse. Ng'azi imakwera waya wa nkhuku ngati makwerero, katumbu naye akaufuna amaung'amba. Ngati mapazi aonetsa awiriwa, malata akale ndiwo amathandiza: aimikeni chogona, masentimita 20 pansi pa dothi, osasiya mpata polumikiza, mitengo ikhale m'kati kuti kunja kukhale kosalala. Amene alibe ndalama ya waya aluke mpanda wa bango wothithikana, kunsi kwake atchinge ndi zidutswa za malata. Umatha msanga ndi chiswe, koma bango kuno sitigula kutali. Galu wogona pafupi ndi damu amathandiza pa katumbu kuposa waya.

Chinanso, kuno ndi kuchigwa. Amene anaona madzi a 2015 kapena a namondwe wa Freddy mu 2023 akudziwa kuti Shire, Ruo ndi Mwanza zikakwiya mpanda suwerengedwa. Ngati damu lili pamalo ofika madzi, kololani nsomba zazikulu Januwale asanafike, ndipo khoma likwere theka la mita pamwamba pa madzi a m'damu. Madzi osefukira akabwerera, munthu asalowe m'damu musanayende ndi tochi usiku. Maso ofiira onyezimira pamwamba pa madzi si a kamba, ndi ng'ona, ndipo imeneyo ndi nkhani ya a zanyama zakutchire, a ku Lengwe kapena ku Mwabvi, osati ya mono.

Pa zophwetsa damu mukakolola: chitani, ndiyo njira yotsimikiza kuti milamba ndi akamba atha. Koma madzi akaphwa musaganize kuti mwamaliza. Uja wonunkha amalowa m'matope, mlamba nawonso chimodzimodzi. Yendani ndi ndodo mukubaya matope pang'onopang'ono, mzere ndi mzere. Ikagunda cholimba fukulani ndi khasu mosamala. Ndipo ngati dothi lanu ndi lakuda la makande, musaliumitse mpaka ming'alu yolowa mkono. Timing'alu tating'ono tikangoyamba, patatha sabata imodzi kapena ziwiri, bwezerani madzi pang'ono mupondeponde pansi. Mukalekerera, damu limadzayamba kumwa madzi.

Sindikuona chifukwa chophera tiakamba tiwiri kapena titatu m'damu la nsomba zokula kale. Timatola zakufa madzi asanaipe, ndipo timadya nkhono, zina mwa izo ndi zija zofalitsa likodzo. Ochotsa ndi nkhasi, wakuda wamkuluyo, ndi aliyense wopezeka m'damu la mbewu. Nkhasiyo ndikudziwa kuti ena amaiona ngati ndiwo, koma ikuchepa, ndipo mu 2016 pa msonkhano wa CITES (mgwirizano wa maiko woyang'anira malonda a nyama zakutchire) ku Johannesburg nkhasi zofewa za mu Africa zinaikidwa m'gulu la nyama zimene malonda ake a kunja amafuna chilolezo. Mukaigwira musaisunge kapena kuitsatsa pamsika; ibwezereni kumadzi, kapena funsani a zanyama zakutchire.

Mayi wa Makumba, Ngabu:

Ndionjezere ziwiri zimene zatsala, popeza panyumbapo pali ana.

Kamba akaluma n'kukakamira, musakoke, mung'ambitsa mnofu. Mumizeni m'madzi pamodzi ndi dzanjalo, nthawi zambiri amasiya yekha kuti athawe. Tsukani bala ndi sopo ndi madzi oyera oyenda kwa mphindi zingapo, mumange ndi nsalu yoyera, mupite kuchipatala tsiku lomwelo akaone ngati mukufunika katemera wa kafumbata. Bala la m'madzi a damu limatukusira msanga. Ngakhale osalumidwa, aliyense wogwira kamba asambe m'manja ndi sopo asanadye, chifukwa nyamazi zimanyamula tizilombo totsegula m'mimba. Ana asamusandutse choseweretsa, ndipo beseni lonyamulira lisabwerere kukhitchini.

Chachiwiri ndi mazira. Miyezi ino ya mvula yaikazi imatuluka m'madzi kukakumba ndi miyendo yakumbuyo pa dothi lofewa, ndipo bedi la masamba lothiriridwa bwino limaikoka. Imaikira mazira 10 mpaka 30, amene amaswa patatha miyezi iwiri ndi theka kapena itatu. Ndiye musanatseke mpanda, achimwene, yenderani m'kati monse. Mukapeza chisa, chizingeni ndi kawaya ka maso ang'ono, muzikaona m'mawa uliwonse nthawi yoswa ikayandikira, tiana mutitengere kudambo. Ngati pafunika kusuntha mazira, lembani kadontho ka pensulo pamwamba pa lililonse ndipo muwaike m'dothi latsopano m'mene analili, kuya kofanana. Dzira la kamba likatembenuzidwa kamwana kamafera m'kati.

Mlimi wa Nsomba, East Bank:

Gogo anena zoona pa malata, ndavomera. Ndinasiya za chipata. Pansi pake zikani thabwa kapena mzere wa njerwa kuti chitseko chikatsekedwa mpata usapitirire sentimita imodzi, ndipo mangani mphira wa chubu kuti chizidzitseka chokha ana akaiwala. Pamene paipi ikudutsa pa mpanda dulani waya molingana ndi paipiyo, muumange molimba, mutsendere dothi. Mvula yaikulu ikagwa yenderani mpanda wonse m'mawa mwake, makamaka mbali ya kumunsi, chifukwa madzi othamanga amakumba pansi pa waya n'kusiya khomo.